Loboti isathere kumayadi

Mu Novembala 2015, ana a Giredi 9 m'Zambia monse analemba koyamba mayeso a makompyuta, aja ofuna kuti mwana akhale pampando n'kugwira yekha makinawo. Kholo limene linali ndi mwana m'kalasi imeneyo silinaiwale. Phunziroli boma linalilowetsa m'sukulu mu 2014 n'kulamula kuti aliyense aphunzire, kaya sukuluyo ili ndi makompyuta kaya ilibe. Tsiku la mayeso litakwana, sukulu zambiri zinapezeka ndi makompyuta owerengeka pa ana mazanamazana, malaiti nawo akuthimathima chifukwa madzi anali atatsika ku damu la Kariba. Ana anayamba kudikirana m'mawa, dzuwa linalowa akudikirabe, ena anatuluka m'chipinda cha mayeso pakati pa usiku, m'mimba mulibe kanthu, n'kuuyamba wapansi kulowa m'makomboni mumdima. Nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a John Phiri, inapepesa. Kupepesako kunali koyenera. Koma amene anazunzika usiku umenewo anali ana a amayi ogulitsa tomato kumsika wa Soweto ndi ana a abambo olonda mageti a eni ake kumayadi.

Lero pakamwa pa akuluakulu pali mawu atsopano: maloboti, coding, AI. Mu Novembala 2024 unduna wa zaumisiri ndi sayansi, pansi pa a Felix Mutati, unatulutsa ndondomeko ya dziko lino pa nkhani ya AI. Mu 2025 silabasi yatsopano inayamba kugwira ntchito mu Giredi 1 ndi Fomu 1, ndipo mutu wake waukulu ndi wakuti mwana azitha kuchita chinthu ndi manja ndi mutu wake, asamangoloweza. Zonsezi papepala n'zabwino. Funso langa ndi lomwe lija linatigwetsa mu 2015: kodi mwana wa m'komboni ya George adzagwira liti chinthucho? Adzachigwirira kuti, pa malaiti ati, ndipo amene adzamusonyeza ndi mphunzitsi uti?

Ndinene poyera, kuti pasakhale wondimva molakwa. Ine ndikufuna maloboti m'sukulu za ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Ndikuwafuna tsopano lino, ana amene ali mu Giredi 5 lero asanamalize sukulu. Ndipo pali magulu awiri a anthu amene akuima panjira, onse ondipsetsa mtima.

Gulu loyamba ndi la anthu olankhula mwachifundo. Amati, "Ana a m'komboni alibe madesiki, alibe zimbudzi, alibe madzi. Tiyambe takonza zimenezo, za maloboti zibwere pambuyo." Mavuto amene akutchulawo ndi enieni, palibe angakane. Chiyambire Januwale 2022, pamene maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12, boma lenilenilo likuti ana opitirira mamiliyoni awiri anabwerera kusukulu. Chimenechi n'chinthu chachikulu ndipo ndimachiyamika ndi mtima wonse, koma makalasi a m'makomboni anadzaza mpaka pakhomo, ena kufika ana 100 pa mphunzitsi mmodzi. Mu 2024 sukulu zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, koma zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale chifukwa cha kolera, imene inagwira anthu opitirira 20,000, kupha opitirira 700, n'kusandutsa bwalo la National Heroes chipatala. Chaka chomwecho chilala chinaumitsa Kariba, ndipo pofika Seputembala nyumba zinkakhala mumdima mpaka maola 21 patsiku. Zonsezi sitinazimve pa wailesi chabe. Tinakhalamo.

Komatu mawu akuti "pambuyo" takhala tikuwamva chilandirire ufulu mu 1964. Ngalande za ku Kanyama zidzakumbidwa pambuyo. Mipope ya madzi idzafika pambuyo. Mvula iliyonse madzi amalowabe m'nyumba, zimbudzi zimasefukirabe. Ngati mwana wa ku Kanyama ayenera kudikira kuti komboni yake iyambe yauma asanagwire waya ndi mota, adzagwira ali ndi imvi. Ndipo pamene iye akudikira, mnzake wa ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill sakudikira. Sukulu zolipira za kumeneko zili ndi makalabu a maloboti, ndipo patchuthi makolo amalipirira ana awo maphunziro a coding. Ana awiriwa adzakumana. Adzakumana pakhomo la yunivesite, adzakumana pamzere wofunsira ntchito kumigodi ya ku Solwezi, kumene makina ambiri akuyendetsedwa ndi makompyuta. Wina adzafika ali ndi zaka khumi za kuzolowera, wina adzafika atangoona chithunzi m'buku. Pamenepo tidzanena kuti wa m'komboni ndi wofooka mutu, chonsecho tinamumanga manja ndife. Chifundo chouza mwana wa wosauka kuti ayambe wadikira ndi nkhanza, ngakhale wochilankhulayo atakhala ndi mtima woyera chotani.

Olankhula zimenezi ambiri sanaonepo chimene chimachitika m'kalasi ya maloboti, ndiye amaganiza kuti ndi masewera a ana a olemera. Loboti ya kusukulu si chimunthu chachitsulo cha m'mafilimu. Ndi kanthu kokwana m'manja, kopangidwa ndi zinthu zinayi: sensa imene imamva kuwala, kutentha kapena mtunda, kabolodi kamene kamalandira uthengawo n'kusankha chochita, mota imene imazunguza mateyala, ndi batire. Mwana amalemba malangizo pa kompyuta kapena pafoni, n'kuwatumiza m'kabolodiko. Akalemba bwino, kagalimotoko kamayenda, kamakhota, kamaima kasanagunde khoma. Akalakwitsa, kamagunda khoma, iye akuona ndi maso ake.

Tsono taonani chimene chabisala m'menemo. Mwana akafuna kuti kagalimoto kake kayende mita imodzi n'kuima, ayenera kudziwa kutalika kwa mzere wozungulira teyala lake, ndiye kuti ayeze kukula kwa teyalalo modutsa pakati n'kuchulukitsa ndi 3.14, kenako agawe kuti apeze kuti lizungulire kangati. Akafuna kuti kaone khoma, amagwiritsa ntchito sensa imene imatulutsa kaphokoso kosamveka m'khutu la munthu n'kudikira kuti kabwerere. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi, choncho mwanayo achulukitse liwirolo ndi nthawi imene yapita, n'kugawa pawiri poti phokosolo lapita n'kubwera. Amenewa ndi masamu omwe aja amalembedwa pabolodi ana akuyasamula. Kusiyana kwake n'kwakuti pano mwana akuwafuna yekha, chifukwa popanda iwo chinthu chake sichiyenda. Ndipo chikakana kuyenda, palibe womukwapula kapena womulembera mtanda wofiira. Amabwerera yekha pamalangizo ake, mzere ndi mzere, kufunafuna pamene paphonyeka.

Kodi tili ndi ufulu wonyoza njira yotereyi? Pa kafukufuku wa PISA for Development amene anachitika kuno mu 2017, mwa ana a zaka 15 amene anali pasukulu, asanu okha pa 100 alionse ndi amene anafika pamlingo woyambira wa kuwerenga, ndipo pa masamu anali awiri okha pa 100. Awiri! Ana 98 pa 100 atakhala m'kalasi zaka zambirimbiri, akukopera manotsi, akuyankha pamodzi kuti "inde aphunzitsi," koma osatha kugwiritsa ntchito masamu pa vuto losavuta. Dziko limene lili ndi zotsatira zotere lilibe chifukwa chokakamirira choko ndi bolodi zokha. Seymour Papert, katswiri wa masamu wobadwira ku Pretoria, amene pamodzi ndi anzake anapanga chinenero cha makompyuta cha ana chotchedwa Logo mu 1967 n'kupatsa ana kaloboti kooneka ngati kamba kuti azikalamula, anakhala moyo wake wonse akumenyera mfundo imodzi: mwana ndiye azilamula makina, makina asamalamule mwana, ndipo mwana amamvetsa msanga pamene akupanga chinthu chogwirika. Zaka zopitirira 50 zadutsa, ife tikuwalembetsabe ana mayina a ziwalo za kompyuta m'kope.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti komboni ili kale ndi manja. Yendani mumsewu wa Alick Nkhata podutsa Kalingalinga muone mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu, anyamata akuwotcherera, ena ndi makina amene anakulunga okha mawaya ake. Pitani mu Katondo Street ndi mu Town Centre muone achinyamata akutsegula foni yakufa, kuyeza ndi mita, kusungunula mtovu pa kachidutswa kochepa kuposa njere ya mpunga, foni n'kudzuka. Lowani m'tinjira ta ku Mtendere ndi Chawama muone ana a zaka zisanu ndi zitatu akuyendetsa magalimoto a waya okhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala akutsogolo. Mwana amene wapinda waya mpaka kupanga chiwongolero chogwira ntchito wamaliza kale theka la loboti. Chimene chamusowa ndi kabolodi, kamota, ndi munthu womuuza kuti chimene akuchitacho ndi sayansi. M'malo mwake amauzidwa kuti ataye zinyalalazo, akasambe, akawerenge.

Ndipo Kalingalinga ndi yoyandikana ndi Yunivesite ya Zambia, kumene kuli sukulu ya mainjiniya. Mwana akhoza kubadwira pamenepo, kukulira pamenepo, kumaona nyumba za yunivesite tsiku ndi tsiku, osalowamo ngakhale kamodzi. Mtunda wake ndi wapansi. Mpanda umene uli pakatipo tinaumanga ndife.

Tisanamizanenso kuti zimenezi n'zachilendo kwa ife. Bungwe la JETS, la ana asukulu okonda zopangapanga ndi sayansi, lilipo m'dziko muno kuyambira 1968, ndipo mibadwo ya ana yakhala ikunyamula zopanga zawo kupita nazo kumipikisano ya chigawo ndi ya dziko lonse. National Science Centre ilipo ku Kabulonga. BongoHive inatsegulidwa mu Lusaka mu 2011, ndipo Asikana Network yakhala ikuphunzitsa atsikana za makompyuta kuyambira 2012. Kutsidya kwa malire, ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, William Kamkwamba, mnyamata wa zaka 14 amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anapanga makina amphepo otulutsa magetsi ndi dayinamo ya njinga, chopemerera cha thalakitala ndi mapaipi otayidwa, atabwereka buku m'kalaibulale ka pamudzi. Timakonda kufotokoza nkhani yake ndi kunyadira. Ine imandichititsa manyazi, chifukwa imandifunsa kuti ku George kuli a Kamkwamba angati amene sanapeze ngakhale bukulo.

Gulu lachiwiri ndi loopsa kuposa loyamba, chifukwa ilo limavomera. Awa ndi ogulitsa ndi okonda kujambulidwa. Amabwera ndi galimoto zonyezimira, zikwangwani ndi makamera, amaika loboti patebulo, imagwedeza mutu, imapereka moni, ana amaomba m'manja, mlendo wolemekezeka amadula riboni, madzulo timaonera pa TV. M'mawa mwake chipindacho chimakhomedwa. Ndinalowapo m'sukulu ina ya m'komboni kumene makompyuta opatsidwa ndi mabungwe anali ataphimbidwa ndi nsalu, fumbi lili mbuu, kiyi ili m'thumba la mphunzitsi wamkulu amene ankaopa kuti kanthu kakawonongeka kapena kubedwa adzafunsidwa ndi iye. Sindimuda mphunzitsiyo. Anamupatsa katundu wodula popanda ndalama yokonzera, popanda mlonda, popanda womuphunzitsa. Koma zotsatira zake n'zakuti zipangizo za ana zinasanduka mbale za alendo m'kabati, zotulutsidwa pokhapokha kukabwera akuluakulu. Loboti imene mwana saloledwa kuimasula n'kuimanganso sinamuphunzitse kanthu. Yangomuonetsa kuti kuli anthu ena kutali amene amadziwa kupanga zinthu, ndipo iye gawo lake ndi kuomba m'manja.

Mayiko ena anaponda kale pamenepa, ndipo anapsa. Dziko la Peru linagula malaputopu mazana a masauzande pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child. Akatswiri a Inter-American Development Bank atafufuza m'sukulu 319 zakumidzi, anapeza mu 2012 kuti pa masamu ndi pa chinenero ana olandira malaputopu sanapose anzawo osalandira. Ku Kenya, lonjezo la pachisankho cha 2013 lopatsa mwana aliyense wa Sitandade 1 laputopu linasanduka matabuleti, ndipo m'sukulu zambiri anathera m'makabati chifukwa aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira. Phunziro lake ndi limodzi kulikonse. Chipangizo chikafika mphunzitsi asanakonzeke, ndalama zapita m'madzi.

Palinso ena amene ayamba kunong'ona kuti poti aphunzitsi ndi ochepa, makina akhoza kuphunzitsa m'malo mwawo. Bodza limeneli tilikane lisanamere mizu. Mu 2022 boma litalengeza kuti likulemba aphunzitsi, anthu opitirira 100,000 anapempha ntchito, ndipo amene analembedwa anali 30,496. Ndiye kuti masauzande ambirimbiri a aphunzitsi ophunzitsidwa bwino anatsala, ena akugulitsa salaula, ena ali m'timabokosi ta ndalama za pafoni m'mbali mwa misewu. Dziko lotere lingauze bwanji mwana wa ku Chawama kuti mphunzitsi wake akhala makina? Loboti yotchuka ija ya Pepper, imene kampani ya SoftBank ya ku Japan inaionetsa mu 2014 n'kulengeza kuti izicheza ndi anthu m'masitolo ndi m'sukulu, inasiya kupangidwa mu 2020 chifukwa ogula anachepa. Eni ake olemerawo anaiona kuti sikukwanitsa. Ife tiigulire ana athu? Makina sadzadziwa kuti mwana uyu wagona ndi njala, kuti uyo wasiya kuyankhula chimwalirire mayi ake, kuti mtsikana wakumbuyo uja wajomba sabata yonse chifukwa amalume ake akumuvutitsa. Ndipo ndikulumbira, tsiku limene makina adzalowe m'malo mwa aphunzitsi, adzayambira m'komboni. Kumayadi adzasunga aphunzitsi a magazi ndi mnofu, chifukwa amadziwa mtengo wake.

Tichenjerenso ndi mabokosi odula ochokera kunja, aja chidutswa chimodzi chikasowa muyenera kuitanitsa ku Europe ndi madola. Kampani ya LEGO inagulitsa zipangizo za maloboti za Mindstorms kuyambira 1998, sukulu zambiri padziko lapansi zinamangapo maphunziro awo, kenako kumapeto kwa 2022 kampaniyo inasiya kuzipanga. Sukulu yolemera imangogula zina. Sukulu ya ku Matero ikagwa m'dzenje lotere siidzukanso. Wogula zinthu za boma amene asankha bokosi la madola mazanamazana, pamene pali njira yotsika mtengo kakhumi, atiuze poyera amene akudya naye. Ana a m'komboni adyeredwa masuku pamutu mokwanira.

Njira yotsika mtengoyo ilipo, ndipo si yachinsinsi. Kabolodi ka Arduino kanapangidwa ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005 kuti ophunzira osauka akwanitse, ndipo mapulani ake ndi otseguka kwa aliyense, n'chifukwa chake timabolodi totengera pamenepo timagulidwa pa madola ochepa. Ka micro:bit, kamene BBC inagawira ana pafupifupi miliyoni imodzi ku Britain mu 2016, mtengo wake ndi pafupifupi madola 20. Pulogalamu ya Scratch, yochokera ku MIT, ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Timabolodi timeneti timadya moto wochepa kuposa foni, ndiye sola imodzi ndi batire lake zikhoza kuyendetsa kalabu yonse ngakhale kampani ya magetsi ya ZESCO itazimitsa sabata yathunthu. Mamota ali m'mapulinta akufa ndi m'ma DVD otayidwa. Thupi la loboti ndi katoni, mapulanga otsala kwa akalipentala, zitsekerero za mabotolo, ndi waya womwe uja. Mphunzitsi wodziwa adzawaphunzitsanso anawo kusamala pomasula zinthu zakale, chifukwa batire lotupa limaphulika ndipo utsi wa mtovu ndi poizoni.

Mu Julaye 2017, gulu la ana a ku Zambia linapita ku Washington kumpikisano woyamba wa FIRST Global, kumene mayiko opitirira 150 anakumana ndi maloboti awo. Mutu wa chaka chimenecho unali madzi aukhondo: loboti inayenera kulekanitsa timipira tabuluu, toimira madzi abwino, ndi timipira taolenji, toimira zoipitsa madzi. Ana amenewo anatinyadiritsa ndipo ayamikidwe. Koma patangopita miyezi itatu, kolera inabuka mu Lusaka, ndipo pofika Januwale 2018 ku Kanyama kunali asilikali ndi lamulo loletsa kuyenda usiku. Madzi oipa amene anzawo ankasewera nawo ngati timipira ku America, ana a ku Kanyama ankawamwa. Ndani angafune kwambiri kupanga kachipangizo kochenjeza anthu madzi akayamba kukwera m'ngalande usiku, kuposa mwana amene anadzukapo matilesi akuyandama? Ndani angaganize msanga za kachipangizo kotseka pampu thanki ikadzaza, kuposa mtsikana amene amadzuka mbandakucha kukaima pamzere pakiyosiki ya madzi? Mavuto enieni ali m'komboni. Kutumiza ana asanu kunja chaka chilichonse, pamene masauzande sanaonepo sensa, sitingakutche maphunziro a dziko.

Tikumbukenso dziko limene tikukhalamo. Mkati mwa pafupifupi mota iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, muli waya wa kopa wokulungidwa. Zambia inakumba matani a kopa opitirira 800,000 mu 2024, ndipo boma likufuna kufika matani 3 miliyoni pofika 2031. Wochuluka amatuluka pa malole kudzera pa Nakonde, Chirundu ndi Kazungula, n'kubwerera kwa ife ali m'kati mwa mafoni, mafani ndi mapampu amene timagula modula. Tinali ndi fakitale ya njinga ya Luangwa Industries ku Chipata, ya mabatire ku Mansa, yolumikiza galimoto za Fiat ku Livingstone. Zonse zinagwa. Andale a chipani chilichonse amalonjeza kuti tidzayamba kupanga zinthu ndi kopa wathu. Adzapanga ndani? Mainjiniya sagwa kumwamba ali ndi zaka 25. M'mera mpoyamba. Ndipo popeza anthu ambiri a mu Lusaka, pafupifupi 70 pa 100 alionse, amakhala m'makomboni, dziko limene lasiya ana amenewa lataya mbali yaikulu ya nzeru zake lisanayambe n'komwe.

Tsono asatiuze kuti ndalama palibe. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2021. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni. Gawo limodzi lokha pa magawo 100 a ndalama imeneyo ndi K361,000. Ndalama yotere ikhoza kugula timabolodi mazana angapo, kapena timabolodi tochepa pamodzi ndi sola, mabatire ndi zida zokonzera, zokwanira kuyambitsa makalabu m'sukulu zingapo chaka chimodzi, n'kuonjezera zina chaka chotsatira. Ndikudziwa kuti n'kupanda chilungamo kuti dera la Kanyama, limene kalembera wa 2022 anapezamo anthu opitirira 500,000, lizilandira ndalama yofanana ndi dera la anthu ochepa kakhumi. Nkhondo imeneyo iyenera kumenyedwa payokha. Koma ngakhale ndi zimene zilipo, gawo limodzi pa 100 silingaletse madesiki kugulidwa kapena chimbudzi kumangidwa.

Ndalamayo iyambire pa munthu. Mphunzitsi aphunzitsidwe kwa miyezi, ndi manja ake, mpaka atawotcha mabolodi angapo n'kusiya kuopa, osati msonkhano wa masiku awiri kuhotela umene umathera pa kusaina alawansi. Apatsidwe nthawi pa ndandanda ya maphunziro, ndi kathumba kogulira zowonongeka, chifukwa m'kalasi yamoyo zinthu zimawonongeka, ndipo mwana wowotcha sensa poyesa sayenera kulipitsidwa. Wokonza mafoni wa pamsika ndi wowotcherera wa pakona aitanidwe m'kalasi mwaulemu, alipidwe, aonetse ana kagwiridwe ka chida. Ophunzira uinjiniya ku yunivesite awoloke mpanda uja Loweruka lililonse, ndipo ntchitoyo iwerengedwe pa maphunziro awo. Mphunzitsi afotokoze m'Chinyanja chimene ana amalankhula panjira ngati mwana sakumva, chifukwa cholinga n'chakuti kagalimoto kayende. Ndipo mayeso a dziko lonse asabwere kufikira sukulu yomaliza italandira zipangizo. Ana athu asagonenso pamzere.

Sukulu za community, zija zoyambitsidwa ndi makolo ndi mipingo m'zipinda zobwereka, zisasiyidwe kunja, pakuti n'kumene kuli ana osaukitsitsa ndi amasiye. Atsikana nawo asapatsidwe ntchito yolemba mayina ndi kusesa pamene anyamata agwira mawaya. Kalabu ikamakumana madzulo, mtsikana ndiye amayamba kusowa, chifukwa kunyumba akumudikira ndi chigubu, mbaula ndi mwana wobereka. Inu makolo anzanga, apa mlandu ndi wathu. Mwana wamkazi akapempha maola awiri oti akamalize chimene akupanga, mlongo wake atenge chigubucho. Ndipo mnyamata akabwera ndi wailesi yakufa n'kuimasula pakhonde, musamuthamangitse. Mufunseni chimene wapezamo.

Kwa a nduna ya maphunziro ndi a nduna ya zaumisiri ndikuti, lekani kuyeza ntchito ndi kuchuluka kwa mabokosi amene mwagawa. Tiuzeni chaka chilichonse kuti ndi ana angati a m'sukulu za boma ku Kanyama, Matero, Chawama ndi Munali amene amanga chinthu choyenda ndi manja awo, ndipo mwa iwo atsikana ndi angati. Kwa aphungu ndi makhansala a madera amenewa ndikuti, ana amene akukankha magalimoto a waya pakhomo la ofesi yanu ndi anu, ndipo ndalama ili m'manja mwanu.

Koma ntchito za CDF zimayambira pansi, ku komiti ya chitukuko ya wadi, ndipo chimene anthu sanapemphe sichilowa m'ndandanda. Choncho inu a komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA), inu aphunzitsi a sayansi, inu amayi a m'magulu a chilimba ndi a mumpingo, lembani pempholo: kalabu ya maloboti pasukulu ya m'dera lanu, mphunzitsi wophunzitsidwa, sola, ndi chipinda chimene chizikhala chotsegula. Kalipereke ku komiti ya wadi, sungani kope lake, ndipo pamsonkhano wotsatira muimirire n'kufunsa pamene lafika.